Mitsempha ya M'khosi ndi Sitiroko ku Gorbals

Gorbals ndi dera la kumwera kwa mtsinje wa Clyde mumzinda wa Glasgow. Kwa zaka zambiri anthu kumeneko ankakhala mothithikana pa umphawi wadzaoneni, ndipo matenda a mtima ndi sitiroko ankapulula anthu asanakalambe. Chimodzi mwa zoyambitsa sitiroko ndi kuchepa kwa njira m'mitsempha iwiri ikuluikulu ya m'khosi, yotchedwa carotid, imene imapititsa magazi ku ubongo. Mafuta amaunjikana m'kati mwake, ndipo kachidutswa kakathothoka kamakatseka mtsempha waung'ono mu ubongo.

Mu 1951 dokotala C. Miller Fisher anasonyeza kuti vutoli limayambitsadi sitiroko, ndipo mu 1954 Felix Eastcott anachita opaleshoni pa mtsempha wotere ku London. Chovuta chinali kuona m'kati mwa mtsempha popanda kuika wodwala pachiswe. Apa ndi pomwe Glasgow anathandiza dziko lonse. Mu 1958 Ian Donald, John MacVicar ndi Tom Brown anafalitsa zotsatira za kuunika m'mimba ndi makina a ultrasound, ndipo patapita zaka luso lomweli linayamba kuyeza mmene magazi akuyendera m'khosi.

Kafukufuku wa mu 1991 anatsimikiza kuti kupala mafutawo kumateteza kwambiri odwala amene aonetsa kale zizindikiro, njira ya magazi itachepa ndi 70 peresenti kapena kuposa. Ena amapatsidwa mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi ndi kulangizidwa kusiya fodya. Opaleshoni yopala mafutawo ku Glasgow imachitikira pa Queen Elizabeth University Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2015.