Mchere umene unamanga Salzburg ndi Hallstatt

Dziko la Austria lili pakati pa Ulaya, kutali ndi nyanja yamchere, ndipo mbali yake yaikulu ndi mapiri a Alps. Komabe chuma chake chakale kwambiri ndi mchere. Mchere wake uli mkati mwa mapiri, kummwera ndi kum'mawa kwa mzinda wa Salzburg. Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 250 miliyoni zapitazo kuderali kunali nyanja yosaya imene inaphwa n'kusiya mchere pansi. Mapiri atayamba kutukuka, mcherewo unasakanikirana ndi dongo ndi miyala n'kukwera nawo m'mwamba. Alendo amene lero amadzaza misewu ya Salzburg ndi mudzi wa Hallstatt amapita kukaona matchalitchi, linga ndi nyumba zachifumu. Ndalama zambiri zomangira zinthuzi zinachokera ku mchere umenewu, ndipo golide wa ku zigwa za Gastein ndi Rauris ankangowonjezerapo.

Kumapiri kumeneko nyengo yozizira imatenga miyezi yambiri, minda ili yokutidwa ndi sinowo. Monga msodzi wa ku Nyanja ya Malawi amadalira dzuwa ndi utsi kuti nsomba zake zisawonongeke, anthu a kumeneko ankadalira mchere posunga nyama, tchizi ndi kabichi. Banja lopanda mchere silikanatha kusunga ndiwo zofikira nyengo yofunda. Ndiye mwini phiri la mchere ankakhala ndi msika wosatha, ndipo mafumu ankaudziwa bwino msonkho wake.

Mbiriyi imayambira ku Hallstatt, mudzi wopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja. Pamwamba pa mudziwo pali chigwa chimene anthu anayamba kutapamo mchere zaka pafupifupi 7,000 zapitazo. Pofika zaka 3,000 zapitazo, ntchitoyi inali itakula kale: anthu ankakumba maenje akuya, kugoba mchere ndi zida zamkuwa, kuunyamula m'matumba achikopa, akudziunikira ndi timiyuni ta mitengo ya paini. Popeza mchere suwoletsa zinthu, m'migodi yakaleyo mwapezeka nsalu, zingwe, zipewa, nsapato, komanso makwerero amatabwa a zaka zoposa 3,000, akale kwambiri mwa onse amene anapezekapo ku Ulaya. Ngakhale chimbudzi cha okumbawo chinasungika, ndipo chasonyeza kuti ankadya balere, mawere ndi nyemba zophika pamodzi ndi nyama. Mu 1734 ogwira ntchito mumgodi anapeza mtembo wa munthu wakalekale uli wosawola, zovala zake zilipobe. Anakauika m'manda a mudziwo, ndipo akatswiri a masiku ano sanapeze mwayi wouunika.

Mu 1846 kapitawo wa mgodiwo, Johann Georg Ramsauer, anatulukira manda akale pafupi ndi khomo la mgodi. Mpaka 1863 anafukula manda pafupifupi 980, ndipo chimene chimamusiyanitsa ndi ofukula ambiri a nthawi yake n'chakuti ankalemba ndi kujambulitsa malo a chinthu chilichonse. M'mandamo munali malupanga, ziwiya zamkuwa, mikanda ya utomoni wouma wochokera kumpoto kwa Ulaya, ndi zogwirira malupanga zosemedwa ndi minyanga ya njovu. Anthu okhala m'chigwa chopanda minda yeniyeni ankagula zinthu za kutali choncho ndi mchere basi. Zimene anapezazo zinali zofunika kwambiri moti nyengo yonse ya pakati pa 800 ndi 450 Khristu asanabadwe, pamene anthu a pakati pa Ulaya ankayamba kusula chitsulo, akatswiri anaipatsa dzina la mudziwu. Kenaka nthaka inagumuka n'kukwirira migodi ina, ndipo malonda anasamukira kuphiri la Dürrnberg, pamwamba pa tauni ya Hallein, makilomita pafupifupi 15 kummwera kwa Salzburg.

Aroma anali ndi tauni yawo pamalo a Salzburg, yotchedwa Iuvavum, koma ufumu wawo utagwa inasanduka bwinja. Mu 696 bishopu wina, Rupert wa ku Worms, anafika pabwinjapo atapatsidwa malowo ndi Theodo, wolamulira dera la Bavaria. Pamodzi ndi malowo anapatsidwanso gawo la akasupe a madzi amchere a ku Reichenhall. N'chifukwa chake ziboliboli za Rupert zimamusonyeza atanyamula kambiya ka mchere. Iye anakhazikitsa nyumba ya amonke ya St. Peter ndi ya masisitere ya Nonnberg, zimene zikugwirabe ntchito mpaka lero. Mu 798 Salzburg inakhala likulu la arkiepiskopi, ndipo pang'onopang'ono maarkiepiskopiwo anasanduka mafumu a dziko lodziimira palokha, okhala ndi asilikali, makhoti ndi ndalama zawozawo. Linga la Hohensalzburg, limene limaonekera kulikonse mumzindawu, linayamba kumangidwa mu 1077 ndi Arkiepiskopi Gebhard, pa nthawi ya mkangano wa papa ndi mfumu yaikulu ya Germany.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100 migodi ya Dürrnberg inatsegulidwanso, tsopano ndi njira ina. M'malo mogoba miyala ya mchere, okumba ankasema zipinda mkati mwa phiri n'kuzidzaza madzi. Madziwo akasungunula mchere, dothi linkatsikira pansi, ndipo madzi amchere ankatsetsereka m'mipope yamitengo kupita ku Hallein. Kumeneko ankawawiritsa m'ziwaya zikuluzikulu usana ndi usiku mpaka kutsala mchere woyera. Ntchitoyi inkadya nkhuni zosaneneka, choncho inkadalira odula mitengo, oyandamitsa zipika m'mitsinje, okhoma migolo ndi opalasa mabwato a mumtsinje wa Salzach amene ankatengera mcherewo ku Bavaria ndi Bohemia. Ku Hallstatt, komwe kunali m'manja mwa banja lachifumu la Habsburg, nkhuni zinachepa, ndipo pakati pa 1595 ndi 1607 anayala mipope ya makilomita pafupifupi 40 kukafika ku Ebensee, pogwiritsa ntchito mitengo yobooledwa pafupifupi 13,000.

Salzburg imene alendo amaiona lero inayambidwa ndi Wolf Dietrich von Raitenau, amene anakhala arkiepiskopi mu 1587 asanakwane zaka 30. Anaphunzira ku Rome, ndipo ankafuna mzinda wa mabwalo aakulu ngati a ku Italy m'malo mwa timisewu tothinana timene anatipeza. Tchalitchi chachikulu chitapsa mu 1598, analamula kuti chigwetsedwe chonse, n'kugumulanso nyumba za anthu zoposa 50 kuti papezeke malo a mabwalo. Mu 1606 anamangira Salome Alt nyumba yachifumu. Salome anali mayi amene anabereka naye ana 15 ngakhale iye anali wansembe. Nyumbayo ndiyo lero imatchedwa Mirabell. Mchere womwe unamulemeretsawo ndiwo unamugwetsa. Mu 1611 anakangana ndi Maximilian wa ku Bavaria pa mitengo ndi njira za mchere, natumiza asilikali kukalanda Berchtesgaden. Maximilian anabwera ndi gulu lankhondo, Wolf Dietrich anathawa koma anagwidwa, ndipo anatsekeredwa mu linga la Hohensalzburg mpaka imfa yake mu 1617. Olowa m'malo mwake anapitiriza ntchito yake. Markus Sittikus anamanga nyumba yachifumu ya Hellbrunn ndi akasupe ake onyowetsa alendo modzidzimutsa, ndipo Paris Lodron anatsegula tchalitchi chatsopano, chomangidwa ndi Santino Solari, mu 1628. Lodron ndiye woyenera ulemu waukulu mwa atatuwa, chifukwa anateteza dziko lake kuti lisalowe mu nkhondo ya zaka 30 imene inasakaza Germany pakati pa 1618 ndi 1648.

Kukongola kwa mzindawu kuli ndi mbali ina imene mabwalo ake sasonyeza. Alimi ambiri a kumapiri ndi ogwira ntchito m'migodi anali atatsatira chiphunzitso cha Martin Luther, ndipo ankapemphera mobisa. Pa 31 Okutobala 1731 Arkiepiskopi Leopold Anton von Firmian anasaina lamulo lowathamangitsa. Anthu pafupifupi 20,000 anasiya minda ndi nyumba zawo, oyambawo akuyenda nyengo yozizira itafika kale. Ambiri analandiridwa ndi mfumu Friedrich Wilhelm I ku East Prussia, okumba mchere a ku Dürrnberg analowera ku Netherlands, ndipo kagulu kena kanakafika ku Georgia, ku America, mu 1734. Zigwa zina zinatsala ndi minda yopanda olima, ndipo nkhanza zimenezi zinabwezera chuma cha dzikolo m'mbuyo kwa zaka zambiri.

Patatha zaka pafupifupi 25 chisainireni lamulolo, pa 27 Januwale 1756, woimba Wolfgang Amadeus Mozart anabadwira m'nyumba nambala 9 mumsewu wa Getreidegasse. Bambo ake anali woimba wa kunyumba ya arkiepiskopi, ndipo iyenso analembedwa ntchito komweko. Sanaukonde mzindawo. Anakangana ndi Arkiepiskopi Colloredo, ndipo mu 1781 anakakhazikika ku Vienna, komwe anamwalira mu 1791. Colloredo ndiye anali mfumu yomaliza ya mtunduwu: nkhondo za Napoleon zinathetsa ulamuliro wa maarkiepiskopi mu 1803, dzikolo linasinthana manja kangapo, ndipo mu 1816 linakhala gawo la Austria. Malire atsopano a Austria ndi Bavaria anadutsa pakati pa mtsinje wa Salzach, n'kudula mudzi wa Oberndorf, wa opalasa mabwato a mchere, ku tauni yake ya Laufen. M'mudzi wosaukawo, pa Khirisimasi ya 1818, wansembe Joseph Mohr ndi mphunzitsi Franz Xaver Gruber anaimba koyamba nyimbo ya Stille Nacht, imene lero imaimbidwa m'zilankhulo zambirimbiri. Salzburg yokha inazilala, ikulamulidwa kuchokera ku Linz. Woimba Franz Schubert atacheza kumeneko mu 1825 analembera mkulu wake kuti m'mabwalo mukumera udzu.

Alendo oyamba anakokedwa ndi mchere womwewo. Dera la migodi ya banja la Habsburg, lotchedwa Salzkammergut, linali lotsekedwa kwa zaka mazana. Mlendo sankalowa popanda chilolezo. M'zaka za m'ma 1820 madokotala anayamba kutumiza odwala kukasamba m'madzi amchere ku Ischl. Mmodzi wa odwalawo anali Sophie, wa banja lachifumu, amene anali atakhala zaka zingapo m'banja wopanda mwana. Atabereka Franz Joseph mu 1830, anthu anati ndi madzi a ku Ischl, ndipo olemera a ku Vienna anayamba kukhamukira kumeneko. Franz Joseph atakhala mfumu ankakhala ku Ischl pafupifupi chilimwe chilichonse. Kumeneko n'komwe anatomera Elisabeth mu 1853, ndipo n'komwenso mu Julayi 1914 anasaina chikalata cha nkhondo ndi Serbia, chiyambi cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Njanji inafika ku Salzburg mu 1860. Inapha ntchito ya mabwato a mchere, koma inabweretsa anthu odzaona malo. Mzindawo unali utakumbukira kale mwana wake wothawa uja: chiboliboli cha Mozart chinaimikidwa mu 1842, ndipo mu 1890 Paul Fürst anayamba kugulitsa maswiti a chokoleti a dzina la Mozart. Pa 22 Ogasiti 1920, dziko lili pa umphawi wa pambuyo pa nkhondo, Max Reinhardt anaonetsa sewero la Jedermann, lolembedwa ndi Hugo von Hofmannsthal, pabwalo la tchalitchi chachikulu. Chimenecho chinali chiyambi cha chikondwerero cha nyimbo ndi masewero chimene chimachitika mu Julayi ndi Ogasiti chaka chilichonse, ndipo seweroli likuonetsedwabe pabwalo lomwelo.

Germany ya Hitler italanda Austria mu 1938, Reinhardt, amene anali Myuda, anamulanda nyumba yake, ndipo pa 30 Epulo chaka chomwecho mabuku anatenthedwa pabwalo la Residenzplatz. Bomba linagwetsa denga lozungulira la tchalitchi chachikulu mu Okutobala 1944, ndipo kukonza kwake kunatha mu 1959. Migodi nayonso inalowa m'nkhondoyi. Mumgodi wa Altaussee chipani cha Nazi chinabisamo zithunzi zojambula pamanja zikwi zingapo, zambiri zobedwa, kuphatikizapo chithunzi cha paguwa la ku Ghent ndi chiboliboli cha Maria chosemedwa ndi Michelangelo, cha ku Bruges. Nkhondo ili pafupi kutha, mkulu wa chipanicho m'derali, August Eigruber, analowetsamo mabomba 8 kuti zonse ziwonongeke. Kumayambiriro kwa Meyi 1945 ogwira ntchito mumgodi ndi akuluakulu awo anawatulutsa usiku n'kutseka makomo, poteteza chumacho pamodzi ndi mgodi umene unkawadyetsa.

Filimu ya The Sound of Music ya 1965 inachititsa kuti Salzburg idziwike ku America ndi ku Asia, ngakhale eni mzinda ambiri sachita nayo chidwi. Mgodi wa Dürrnberg unasiya kutulutsa mchere mu 1989, ndipo lero alendo amalowamo atavala maovololo oyera, kutsetsereka pamatabwa amene okumba ankatsikirapo, n'kuwoloka malire a Austria ndi Germany ali pansi pa nthaka. Bungwe la UNESCO linaika mzinda wakale wa Salzburg pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1996, ndipo dera la Hallstatt linatsatira mu 1997.

Ku Hallstatt mchere ukutapidwabe, ndipo madzi ake akupitabe ku Ebensee, komwe mchere wambiri umapita ku mafakitale ndi kukathiridwa m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Koma ndalama zenizeni za mudziwo tsopano ndi alendo. Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunalibe msewu wofika kumeneko, ndipo ngakhale lero wobwera pa sitima amatsikira tsidya lina la nyanja n'kuwoloka pa boti. Malo ndi ochepa moti kale ankafukula mafupa m'manda kuti aikemo ena, ndipo zigaza mazana angapo, zolembedwa mayina ndi kujambulidwa maluwa, zimasungidwa m'kanyumba ka pafupi ndi tchalitchi cha Katolika. M'mudzimu mumakhala anthu osakwana 800, koma tsiku lotanganidwa mumalowa alendo okwana 10,000. Mu 2012 kampani ina inamanga mudzi wotengera Hallstatt m'chigawo cha Guangdong ku China, ndipo kutchuka kwake kunangowonjezereka. Kuyambira 2020 mabasi a alendo amalowa pa nthawi imene anasungitsiratu, ndipo chiwerengero chawo chili ndi malire. Mu Meyi 2023 akuluakulu a mudziwo anaimika mpanda wamatabwa pamalo amene alendo amakonda kujambulirapo, koma anauchotsa patangopita masiku ochepa. Mu Ogasiti chaka chomwecho anthu a m'mudzimo anatseka kwa kanthawi msewu wodutsa m'phiri wolowera ku Hallstatt, pofuna kuti paikidwe malire a alendo olowa tsiku lililonse komanso kuti mabasi asamafike madzulo.