Kugona ndi mphuno zotsekeka

Mphuno zikatsekeka usiku, ambiri amaganiza kuti vuto ndi mamina, koma chimene chimatchinga mpweya kwenikweni ndi kutupa kwa timitsempha ta magazi m'kati mwa mphuno. Munthu akagona mutu uli pansi, magazi amaunjikana m'timitsemphati ndipo kutupako kumakula. N'chifukwa chake kutsamiritsa mutu ndi mapewa pa mapilo awiri kumathandiza kuposa kumina mwamphamvu. Ena anganene kuti mankhwala opopera m'mphuno, monga oxymetazoline, amatsegula msanga. N'zoona, koma akagwiritsidwa ntchito mlungu wathunthu kapena kuposerapo, mphuno zimatha kutupanso kuposa kale. Kutsuka mphuno musanagone ndi madzi amchere owiritsa n'kuziziritsa kulibe vuto limeneli. Koma khanda lisaikidwe pa pilo: ligone chagada pamalo osalala.