Mpingo ndi Ana Ake m'Dziko la Mpezeni

Pamene abusa ndi akulu a mpingo asonkhana pa Sinodi, nkhani ya acinyamata siilephera kuturuka. Ena ayesa kuti ndi nkhani ya makono. Koma mbiri ya kwathu kuno ku Chipata ndi Kasenengwa ionetsa kuti funso lake linabadwa pamodzi ndi mpingo womwe: kodi mwana adzamlanga ndani?

Kale funsoli linalibe bvuto. Mnyamata anali kuphunzira mwambo kubusa ndi kumphala, ndipo pakati pa Acewa anali kulowanso kudambwe. Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi anali kumlanga pa cinamwali. Mudzi wonse unali kulera mwana.

M'caka ca 1898 Angoni a Mpezeni anagonja pa nkhondo yomenyana ndi Azungu, ndipo Nsingo, mwana wa mfumu, anaphedwa. Pa 5 July 1899 abusa P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr a mpingo wa Dutch Reformed anayamba misyoni pa Magwero. Madzimoyo anatsegulidwa mu 1903, ndi Nyanje mu 1905. Ambiri amene anadzaza masukulu a misyoni anali ana, ndipo ena mwa iwo anasanduka aphunzitsi, napita kukayamba masukulu m'midzi yakutali.

Apa mpamene panabuka cobvuta. Misyoni inaletsa Akristu kulowa Nyau ndi kubvinira ana ao cinamwali. Koma kuletsa kokha sikulera mwana ai. Makolo anaona ana ao alikukula osadziwa mwambo, kotero kuti ena anali kuwatumiza mobisa kwa anamkungwi. Tsono mpingo, kuno ndi ku Nkhoma komwe, unakhazika cilangizo: Akristu okhwima, ochedwa alangizi, anapatsidwa nchito yolanga ana za ulemu, za kudzisunga ndi za ukwati, mogwirizana ndi Mau a Mulungu.

Bvuto laciwiri linadza ndi msonkho. Anyamata anacoka kukafuna ndalama ku Harare, ku Wankie ndi ku migodi ya ku Copperbelt, ndipo ena anasanduka macona. Mlangizi wa kumudzi sakadatha kufika kukomboni. Mpingo unayenera kuwatsata, ndipo motero mpingo wa alimi a kum'mawa unamera mizu ku Lusaka ndi ku migodi.

Pang'onopang'ono mlandu wa kulera ana unalowa m'manja mwa eni dziko. Justo Mwale anadzozedwa mu 1929, nakhala mbusa woyamba wobadwira kuno. Sinodi inakhazikidwa mu 1943, umwini unaperekedwa mu 1966, ndipo mu 1968 mpingo unachedwa Reformed Church in Zambia. Kuyambira pamenepo, mwana akasocera, panalibenso mlendo womloza cala.

Mpingo umenewu, monganso mbale wake wa CCAP, uweruzidwa ndi abusa pamodzi ndi akulu osankhidwa. Dongosolo ili ndi labwino, pakuti mau a akulu akoma akagonera. Komabe liri ndi ngozi yake: a imvi angathe kukamba za mwana tsiku lonse, mwini wake ali panja.

Inu amene mwatsiriza sukulu, musayese kuti za pa Sinodi nza madoda okha. Masukulu oyamba a m'midzi anagwiridwa ndi anyamata a msinkhu wanu, ndipo iwo sanadikire imvi. Pitani kwa mkulu wa mpingo wa kwanu, mumuuze mwaulemu zimene zikusautsani, za nchito, za mowa, za ukwati, kuti pokwera ku Sinodi anyamule mau anu.