Magalimoto Aŵiri a Mafumu

M'zaka za m'ma 1960, mfumu kapena mtsogoleri wa dziko akafuna galimoto woyenera ulemu wace, maso ace kaŵirikaŵiri anali kugwa pa magalimoto aŵiri: Rolls-Royce Phantom V wa ku Mangalande, ndi Mercedes-Benz 600 wa ku Jeremani. Tiyeni tiwaike pamodzi, tione cimene amisiri a maiko aŵiriwo anaciyesa ukulu.

Phantom V anayamba kupangidwa m'caka ca 1959, naleka mu 1968. Ku Crewe anali kupanga injini ndi mafupa a galimoto okha; thupi lace linali kuumbidwa ndi manja kwa amisiri ena, monga Park Ward ndi James Young, motsata cifuniro ca wogula. Injini yace inali ya masilinda 8 ndi malita 6.2, ndipo liŵiro lace linali kufika pafupi mamailo 100 pa ora. Eni ace sanali kuulula ciŵerengero ca mphamvu za injiniyo. Wofunsa anali kungomuuza kuti n'zokwanira. Mabuleki ace anali a mtundu wakale, ogwira m'kati mwa mbiya yacitsulo. Mfumukazi Elizabeth II anali nao aŵiri otere.

Mercedes-Benz 600 anaonetsedwa koyamba ku Frankfurt mu 1963. Nayonso injini yace inali ya masilinda 8, koma ya malita 6.3, yotulutsa mphamvu za akavalo 250, yomwetsedwa petulo ndi pampu m'malo mwa kabureta. Ngakhale anali wolemera ngati matani aŵiri ndi theka, anali kupitirira mamailo 120 pa ora. Thupi lace linakhala pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i, ndipo mabuleki ace anali atsopano, opana mbale yacitsulo pa magudumu onse anai. Mazenera ndi mipando zinali kuyenda ndi mafuta opanikizidwa m'timipope. Papa Paul VI analandira mmodzi mu 1965.

Tsono tikaŵerenga ziŵerengero zokha, mlandu watha: wa ku Jeremani anapambana pa liŵiro, pa kuima msanga, ndi pa kukhota. Koma tikumbukire nchito imene magalimotowa anagulidwira. Mfumu siikwera galimoto wotere kuti ithaŵe anthu ace, koma kuti anthuwo aione. Cifukwa cace amisiri a Phantom V anakonza magiya ace kuti athe kuyenda mwakacetecete pa liŵiro la munthu wa pansi, pakati pa khamu. Pa tsiku la mwambo mamailo 20 opambana aja analibe nchito.

Ndiponso nzeru zambiri zinadza ndi mtengo wace. Timipope ta Mercedes tikayamba kudontha, pafunika mmisiri wodziŵadi ndi ndalama zocuruka, pamene makina a Rolls-Royce, pokhala acikale, sanali obisika kwa amakanika ozoloŵera.

Mercedes-Benz 600 analeka kupangidwa mu 1981, atapangidwa 2,677, ndipo pa nthawiyo sanasiye wolowa m'malo mwace. Phantom V anapangidwa ocepa koposa, koma mphwace Phantom VI, wosiyana naye pang'ono cabe, anapitirira kufikira ca m'ma 1990. Akulu anati kuthamanga si kufika. Inu amene mudzagula cipangizo ciri conse, kaya njinga kaya khasu la ng'ombe, yambani mwafunsa nchito imene cidzagwira, pambuyo pace ndipo muŵerenge ziŵerengero zace.