Lilongwe: Mzinda Umene Unayamba Pa Pepala

Pamene Malawi ankalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, likulu linali ku Zomba, m'tsinde mwa phiri, kumene atsamunda anakhazika boma lawo kuyambira mu 1891. Lilongwe inali tauni yaing'ono ya malonda a fodya, mtedza ndi chimanga. Munali msika, masitolo a amwenye, ofesi ya DC ndi mlatho wa pamtsinje, basi. Kalembera wa 1966 anapezamo anthu osakwana 20,000.

Dr Hastings Kamuzu Banda ankafuna kuti likulu likhale pakati pa dziko, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Chuma chinali chitaunjikana kumwera, pomwe zigawo zapakati ndi kumpoto zinkangotumiza anyamata kumigodi ya ku South Africa ndi kuminda ya ku Rhodesia. Ena ankanong'onezana kuti mkuluyo akukokera likulu kufupi ndi kwawo ku Kasungu. Boma la Britain linakana kuthandizapo ponena kuti dziko losauka chotere silingakwanitse. Dr Banda anatembenukira ku South Africa, dziko la tsankho limene maiko ambiri a mu Africa ankalisala, ndipo mu 1968 linam'kongoza R8 miliyoni. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzindawo. Pulani yake anaijambula akatswiri a ku South Africa komweko, Gerke ndi Viljoen.

Amene akufuna kumvetsa Lilongwe wa lero ayambire pa pulani imeneyi. Ojambulawo anafuna mzinda wa mitengo, wotakasuka, wopanda kuthithikana. Maunduna anawaika paokha ku Capital Hill, mabanki ndi maofesi ku City Centre, mafakitale ku Kanengo, ndipo tauni yakale anaisiya pomwe inali, kutsidya kwa mtsinje. Pakati anasiya nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, imene mpaka lero ndi chuma cha mzindawu. Malo okhala anawapatsa manambala motsata mmene ankatsegulidwira, osati mmene akhalira. N'chifukwa chake mlendo amasokonezeka kupeza Area 47 ili pafupi ndi Area 15.

Koma pulaniyo inagawanso anthu malinga ndi matumba awo. Mabwana anapatsidwa mapuloti aakulu ku Area 10 ndi Area 43, kufupi ndi maofesi. Makalaliki a boma anapita ku Area 18. Anthu wamba anawalozera ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 25, kumene munthu ankapatsidwa malo kuti adzimangire yekha. Dera lililonse linatalikirana ndi linzake ngati kuti aliyense adzakhala ndi galimoto, m'dziko limene njinga yomwe inali chuma. Apa m'pamene pulaniyo inalakwa kwambiri, ndipo mtengo wa kulakwako akuulipira ndi osauka tsiku ndi tsiku.

Likulu linasamuka mu 1975, ngakhale kusamukako kunali kwapang'onopang'ono. Njanji yochokera ku Salima inafika mu 1979, bwalo la ndege la ku Lumbadzi linatsegulidwa mu 1983, koma aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994. Nyumba yawoyawo ya Malamulo, yomangidwa ndi thandizo la China, anailowa mu 2010.

Anthu okha sanadikire. Mu 1977 mumzindawu munali anthu pafupifupi 99,000, mu 1998 anapitirira 440,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza 989,318. Bungwe lomanga likulu lija linathetsedwa mu 1984, ntchito yake n'kugawidwa pakati pa khonsolo ya mzinda, unduna wa za malo ndi bungwe la nyumba, kwinaku mafumu akugawanso malo m'mphepete. Mtandire, Mgona, Kauma ndi Chinsapo zinakula popanda wozijambula. Imani pamsewu wa pakati pa Mtandire ndi Area 47 kusanache, muone mzere wa alonda akuweruka, amayi ogwira ntchito m'nyumba akupita, amisiri atanyamula zipangizo paphewa, akabaza akuzembazemba pakati pawo. Mbali ino kuli mipanda ya njerwa ndi kapinga wothirira, mbali inayo kuli zigubu zitandandalikidwa pa kiyosiki ya madzi. Anthu amenewa ndiwo amayendetsa likulu, koma pa pepala la 1968 malo awo anali ochepa zedi.

Mapulani ena anabwera. Mu 1986 kunatuluka ndondomeko yatsopano ya kagawidwe ka malo. Mu 2010 bungwe la JICA la ku Japan linathandiza kulemba pulani yofika mu 2030, imene inalangiza kuti mzinda usamangofalikira m'mbali koma udzaze malo opanda kanthu a pakati, ndi kuti misewu ikuluikulu ikulitsidwe. Za misewu zayamba kuoneka, monga mlatho wodutsana wa pa Area 18. Za nyumba za anthu wamba, ngalande ndi zinyalala zikutsalira kutali, ndipo mvula ikagwa yambiri mtsinje wa Lingadzi umalowa m'nyumba zimene zinamangidwa m'madambo amene ojambula oyamba anawasiya dala opanda kanthu.

Nkhani imene ikuvuta koposa tsopano ndi ya madzi. Mzinda wonse umadalira mtsinje wa Lilongwe ndi madamu awiri a Kamuzu a ku Malingunde. Mtsinjewo umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, yomwenso ikutha ndi makala amene amalowa mumzinda panjinga m'mawa uliwonse, popeza mabanja ambiri alibe china chophikira. Boma likufuna kukoka madzi kunyanja ku Salima, mtunda woposa makilomita 100, ndipo njira yonseyo ndi yokwera chitunda.