Msonkho wa anthu ndi njanji zosafika

M'zaka zija zoyambira cha m'ma 1850, pamene njanji inali kuyalidwa kulinga kumadzulo kwa dziko la America, ndipo mudzi uliwonse unali kuopa kuti sitima ikaulambalala udzasanduka bwinja, akuluakulu a mizinda anayamba kukongola ndalama m'dzina la anthu awo, nazipereka kwa eni makampani, kuti chitsulocho chidzere pakhomo pawo. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pakuti njanji zina zinathera papepala, ndipo mlimi amene sanaoneko ngakhale utsi wa sitima anali kutsanulira mbewu zake m'thumba chaka ndi chaka, kuti akagulitse ndi kupeza msonkho wobwezera ngongole imene iye sanailawe. Mzinda wa Dubuque, ku Iowa, utayesa kukana ngongole yake, bwalo lalikulu la dziko lonse linagamula mu 1864 kuti ulipire ndithu.

Kulira kumeneku ndiko kunabala malire. Woweruza John Dillon ananena mu 1868 kuti mzinda ulibe mphamvu zina koma zokhazo zimene boma la dera laupatsa. Ndipo anthu a ku Illinois, polemba malamulo awo aakulu mu 1870, analetsa mizinda kugula magawo m'makampani a njanji, nalamulanso kuti ngongole ya mzinda isapitirire magawo 5 pa 100 a mtengo wa chuma chokhomedwa msonkho.

Mlandu umene umandikhudza mtima koposa ndi wa ku Topeka, m'dera la Kansas, kumene mzinda unalonjeza madola 100,000 kwa kampani yosula milatho yachitsulo, kuti idzamange nyumba zake zantchito pamenepo. Woweruza Samuel Miller anaukana mchitidwewo poyera, nanena kuti kulanda chuma cha nzika ndi dzanja la boma ndi kuchininkha kwa munthu wokondedwa kuti alemere nacho ndiko kuba, ngakhale kutavekedwa chovala cha lamulo. Ndiyesa analasa, popeza wamasiye wokhoma msonkho safunsidwa pamene phindu ligawidwa.

Komatu njala sisunga mwambo. M'masiku a umphawi waukulu, mu 1936, bwanamkubwa Hugh White wa ku Mississippi anatsegulanso khomo lija, kuti mizinda ikongole ndalama zomangira mafakitale ndi kuwabwereketsa kwa amalonda, pokhapokha anthu atavomereza ndi voti. Ndipo pa mlandu wa mzinda wa Winona mu 1938, oweruza a deralo anati kupezera anthu ntchito nakonso ndiko kutumikira onse.