Katchulidwe ka Chingerezi: Adagamula Ndani Kuti Kolondola ndi Aka?

Pali mawu ena a Chingerezi amene aphunzitsi amalimbana nawo chaka ndi chaka, ndipo ask sasowa pagulupo. Mwana akati "aks" amauzidwa kuti abwereze, wapotoza lilime. Ku America nako, munthu wakuda akatchula motero pofunsira ntchito, ena amamuyesa wosapita kusukulu. Komatu katchulidwe kameneka n'kakale kuposa sukulu zonse zimene zikukaletsa. Zaka zoposa 1,000 zapitazo Angerezi ankanena ascian komanso acsian, ndipo zonse ziwiri zinkalembedwa m'mabuku. Geoffrey Chaucer, mlakatuli wamkulu uja amene adamwalira mu 1400, ankalemba axe, ndipo Baibulo la Miles Coverdale la mu 1535 lili ndi axe yemweyo. Katchulidwe kamodzi kadapeza mwayi wolowa m'nyumba za akuluakulu, kanzake kadatsala panja n'kuyamba kutchedwa cholakwa.

Chingerezi sichidayambe chili chimodzi n'kudzagawanika pambuyo pake. Chidafika pachilumba cha Britain chili chosiyanasiyana kale. M'zaka za m'ma 400, mitundu ya Angle, Saxon ndi Jute idaoloka nyanja kuchokera kudera limene lero ndi kumpoto kwa Germany ndi Denmark, mtundu uliwonse n'kukhazikika kwaokha ndi kayankhulidwe kake. Munthu wa ku Northumbria ankayankhula mosiyana ndi wa ku Mercia, wa ku Wessex mosiyana ndi wa ku Kent. Kenako kudabwera ankhondo a Viking amene adakhala kumpoto ndi kum'mawa, ndipo mu 1066 William wa ku Normandy adalanda dziko. Kwa zaka pafupifupi 300 mafumu, oweruza ndi eni minda ankayankhula Chifalansa, atsogoleri a mpingo ankalemba Chilatini, Chingerezi n'kusiyidwa m'manja mwa anthu wamba. Panalibe wochiyang'anira. Mlembi aliyense ankalemba monga khutu lake lamvera, choncho kalembedwe kankatsata pakamwa. M'mawu akuti knight ndi knee, k ankamveka bwinobwino, ndipo gh wa mu night linali liwu lakukhosi lija limene anthu a ku Scotland akadali nalo mu loch.

Chimene chidasokoneza zonse chidayamba cha m'ma 1400 n'kupitirira mpaka cha m'ma 1700. Malembo a liwu otalika adayamba kusuntha, limodzi pambuyo pa linzake, ngati anthu okhala pabenchi limodzi m'tchalitchi: wakumapeto akasendera, onse amasendera. M'masiku a Chaucer, time ankamveka ngati "tiime", house ngati "huus", name ngati "naame", feet ngati "feet" ndi e wathu yemweyu wa mu pepala, kungoti wokoka. Ndiye kuti Mchewa woti sadaphunzirepo Chingerezi akangowerenga malembo a liwu monga adazolowera, a, e, i, o, u, nthawi zambiri amayandikira kwambiri katchulidwe ka Angerezi a zaka 600 zapitazo kuposa ka a lero. Katswiri wa ziyankhulo wa ku Denmark, Otto Jespersen, ndiye adapatsa kusinthaku dzina loti Great Vowel Shift. Sikudafike paliponse mofanana. Ku Scotland ndi kumpoto kwenikweni kwa England kudakali anthu onena "huus" ndi "kuu" potchula house ndi cow, ndipo amenewa sadapotoze kalikonse, adangosunga zakale.

Tsoka lake, makina osindikizira mabuku adafika pakamwa pasadakhazikike. William Caxton adatsegula malo ake osindikizira ku Westminster mu 1476, ndipo iye mwini adadandaula za vutoli mu 1490. Adasimba za amalonda ena amene chombo chawo chidasowa mphepo pa mtsinje wa Thames, n'kutsikira kumtunda kukafuna chakudya. Mmodzi adapempha mazira kwa mayi wina pogwiritsa ntchito mawu akumpoto akuti egges. Mayiyo adayankha kuti samva Chifalansa. Wamalondayo adapsa mtima, pakuti naye Chifalansa sankachidziwa, mpaka mnzake adanena eyren, mawu akum'mwera, mayi uja n'kumva. Caxton ankafunsa kuti wosindikiza alembe ziti. Osindikiza adasankha kalembedwe ka ku London, ndipo pang'onopang'ono kadauma papepala pamene malilime ankapitirizabe ulendo. K wa mu knee adasiya kumveka m'zaka za m'ma 1600, koma papepala alipobe mpaka lero.

Ophunzira a nthawi imeneyo adawonjezera moto. Pofuna kuonetsa kuti mawu adachokera ku Chilatini, adalowetsa malembo amene Mngerezi sadawatchulepo. Dette adasanduka debt, doute adasanduka doubt. Mu island adaikamo s poganiza kuti mawuwa ndi pachibale ndi isle, pomwe si choncho. Ena mwa malembo olowetsedwawa adakhala chete mpaka lero, ena adayamba kutchulidwa chifukwa anthu ankawaona: l wa mu fault ndi c wa mu perfect poyamba kunalibe. Mkangano wa often, woti t amveke kapena ayi, ndi wa mtundu womwewu. Anthu ambiri adabwezeretsa t chifukwa chomuona papepala, chikhalirecho palibe amene amamutchula mu listen kapena soften. Choncho mwana amene watchula b mu debt kapena l mu salmon wakhulupirira zimene maso ake aona, ndipo wolakwa weniweni adamwalira kalekale.

Nkhani ya r ndiyo imasonyeza bwino momwe Chingerezi chidabalalikira padziko. Amene adakakhala ku America, ku Jamestown mu 1607 ndi ku Plymouth mu 1620, adachoka ku England r akumvekabe mu car ndi hard, ndipo zidzukulu zawo zambiri zidamusunga. Ku London r wotereyu adayamba kuzimirira m'zaka za m'ma 1700. Pamene Angerezi ankakhazikika ku Australia kuyambira mu 1788, ndi ku Eastern Cape mu 1820, ambiri adapita alibe r, n'chifukwa chake Chingerezi cha ku Sydney ndi cha azungu a ku South Africa sichimutchula. Ku Scotland, ku Ireland ndi kum'mwera chakumadzulo kwa England adakana kumutaya. Ku America komweko mizinda ya m'mbali mwa nyanja monga Boston ndi New York idatengera London. Mu 1962 katswiri wa ziyankhulo William Labov adalowa m'sitolo zitatu zikuluzikulu za ku New York, Saks Fifth Avenue, Macy's ndi S. Klein, n'kumafunsa ogulitsa za katundu amene ankadziwa kuti ali pa fourth floor. Adapeza kuti m'sitolo ya anthu olemera r ankamveka kwambiri, m'sitolo ya zotchipa ankamveka pang'ono. Pa nthawi yomweyo ku England zinali zosemphana: wotchula r ndiye ankaoneka wakumudzi. Liwu ndi lomwelo, ulemu wake ukutengera amene walinena.

Kusiyana kwa kumpoto ndi kum'mwera kwa England nako kudakula cha m'nthawi imene r ankazimirira ku London. Ku Manchester ndi ku Leeds bus amamveka ndi u, ndipo bath ndi wachidule. Ku London bus adapendekera ku a, bath n'kukokedwa.

Ganizo loti pali katchulidwe kamodzi kokha koyenera munthu wolemekezeka ndi laposachedwa. Samuel Johnson, amene mtanthauziramawu wake adatuluka mu 1755, adasimba kuti Lord Chesterfield adamuuza kuti great azimveka ngati state, pomwe Sir William Yonge adamutumizira mawu oti azimveka ngati seat, ati ndi munthu wa ku Ireland yekha angatchule mwanjira inayo. Onse awiri anali akatswiri oyankhula m'nyumba ya malamulo. Koma chuma cha Britain chinkakula, anthu ankakwera kuchoka pa umphawi, ndipo ankaopa kuti pakamwa pawaulula kumene adachokera. Mantha amenewa adasanduka malonda. Thomas Sheridan, wa ku Ireland, adakaphunzitsa ku Edinburgh mu 1761 anthu ofuna kuchotsa kayankhulidwe ka kwawo, ndipo mu 1780 adatulutsa mtanthauziramawu wosonyeza katchulidwe. John Walker adatulutsa wake mu 1791, momwe adaikamo malangizo apadera kwa anthu a ku Scotland, a ku Ireland ndi anthu wamba a ku London, amene ankameza h ndi kusinthanitsa v ndi w. Tsidya lina la nyanja Noah Webster adatulutsa wa Chingerezi cha ku America mu 1828.

M'zaka za m'ma 1800, sukulu zogonera konko za ana a anthu olemera monga Eton ndi Harrow zidasula kayankhulidwe kamodzi kosaulula dera limene munthu wachokera, kongoulula kuti kwawo kuli ndalama. Daniel Jones adakalemba mu English Pronouncing Dictionary ya mu 1917, ndipo m'kope la mu 1926 adakatcha Received Pronunciation. Chaka chomwecho wailesi ya BBC, pansi pa John Reith, yemwe anali wa ku Scotland, idakhazikitsa komiti yolangiza owulutsa mawu za katchulidwe, ndipo mlembi George Bernard Shaw anali m'gulumo. Mu 1941 Wilfred Pickles wa ku Yorkshire atayamba kuwerenga nkhani ndi kayankhulidwe ka kwawo, omvera ena adalemba makalata odandaula. Chodabwitsa n'chakuti katchulidwe kolemekezekaka kanali ka anthu ochepa zedi: Peter Trudgill adayerekeza m'zaka za m'ma 1970 kuti ndi anthu atatu okha pa 100 alionse ku Britain amene ankayankhula motero. Ndipo nako sikadaime malo amodzi. Mu 2000 Jonathan Harrington ndi anzake adayeza mawu a Mfumukazi Elizabeth II m'mauthenga ake a Khirisimasi a m'ma 1950 ndi a m'ma 1980, n'kupeza kuti malembo ake a liwu adasendera kufupi ndi a anthu wamba a kum'mwera kwa England.

Kuno kwathu Chingerezi chidafikanso ndi malilime osiyana. Amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876 anali a ku Scotland, kuphatikizapo Robert Laws wa ku Aberdeen. A UMCA ku Likoma ankachokera ku England. A Dutch Reformed ku Mvera ndi ku Nkhoma ankachokera ku South Africa. Makolo athu adamva zonsezi n'kuzilandira ndi lilime lawo. Chichewa sichikonda malembo opanda liwu ounjikana, ndiponso mawu ake amathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake tili ndi sukulu, sitolo, botolo, bulangete ndi thalauza. Tili ndi malembo a liwu asanu okha, ndiye ship ndi sheep, full ndi fool, kapena hat, hut, heart ndi hurt amagwera m'dengu limodzi. Kwa ife l ndi r ndi liwu limodzi, moti play ndi pray amasinthana. Mwana wa Sitandade 2 amene waphunzira ph wa mu phiri ndi th wa mu thumba akakumana ndi phone ndi think amawerenga monga adaphunzitsidwira, ndipo nzeru zake zagwira ntchito bwino lomwe. Pamwamba pa izi panabwera ulemu wa Chizungu cha m'mphuno. Kamuzu Academy idatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981 ndi aphunzitsi ochokera ku Britain, ndipo mpaka lero timafulumira kuseka phungu amene waphonya r tisadamve n'komwe mfundo yake. Khalidwe limeneli limandipweteka mtima, chifukwa ndaona ana anzeru akutseka pakamwa m'kalasi poopa kusekedwa.

Sindikunena kuti katchulidwe kalibe ntchito. Lero oyankhula Chingerezi ngati chiyankhulo chachiwiri ndi ochuluka kuposa amene adachiyamwira, ndipo namwino wa ku Malawi wogwira ntchito ku Leeds ayenera kumvana ndi dokotala wa ku India komanso wodwala wa ku Yorkshire. Jennifer Jenkins, m'buku lake la mu 2000 lotchedwa The Phonology of English as an International Language, adafufuza zimene zimasokonezadi kumvana pakati pa anthu otere. Adapeza kuti th savuta kwenikweni, ndipo n'zoona, pakuti achinyamata a ku London amati "fink", ku Dublin amati "tink", anthu n'kumamvana. Zimene zimavuta ndi kusinthanitsa malembo ena opanda liwu, ndiponso kusasiyanitsa liwu lalifupi ndi lokoka.

Aphunzitsi athu, nthawi ya Chingerezi ndi yochepa ndipo makalasi ndi odzaza. Igwiritseni ntchito pa zimene zimasintha tanthauzo: mwana asiyanitse right ndi light, live ndi leave, ndipo muuzeni mosabisa kuti b wa mu debt adaikidwamo ndi anthu okonda Chilatini. Zoti azimveka ngati adakulira ku Eton zisiyeni, ndipo wophunzira akaphonya liwu musalole kuti kalasi imuseke.